Mwana waulumali ndi mayeso a MANEB: mafunso amene makolo ndi aphunzitsi amandifunsa

Ndaphunzitsa ana osaona ndi oona movutikira kwa zaka zambiri ku resource centre (chipinda chothandiziramo ana aulumali) ya pasukulu ina ya pulayimale, ndipo nyengo ya mayeso ikamayandikira mafunso amakhala omwewomwewo. Ena amandipeza kusukulu, ena amandiimitsa pamsika, ena amadikira mapemphero athe kuti andikokere pambali. Ndawasonkhanitsa pano. Ndikunena za mayeso atatu amene bungwe la MANEB ku Zomba limakonza: PSLCE ya Sitandade 8, JCE ya Folomu 2 ndi MSCE ya Folomu 4.

Kodi mwana waulumali amalemba mayeso omwewo amene anzake amalemba?

Inde, ndipo satifiketi yake ndi yomweyo. Palibe MSCE ya osaona ndi MSCE ya oona. Mwana wosamva akafuna malo ku yunivesite ya boma, amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, monga wina aliyense. Chimene chimasintha ndi njira imene funso limamufikira mwanayo komanso njira imene yankho lake limafikira wochonga. Funso lokhala ndi chithunzi kapena mapu, mwachitsanzo, silingaperekedwe kwa mwana wosaona momwe lilili. Liyenera kukonzedwa kuti alimve ndi zala kapena lifunsidwe m'mawu, koma nzeru imene likuyesa ikhale yomweyo.

Nanga thandizo lake ndi lotani kwenikweni?

Lodziwika kwambiri ndi mapepala a mafunso a zilembo za Braille kwa ana osaona, mapepala a zilembo zikuluzikulu kwa oona movutikira, ndi nthawi yowonjezera. Palinso kukhala ndi mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja m'chipinda mmene muli ana osamva. Kenaka pali zina zimene sizifuna ndalama kapena chidindo cha ku Zomba, zongofuna mtima wa ahedi: chipinda chopanda masitepe, tebulo loti njinga ya mwana wovutika kuyenda ilowe pansi pake m'malo mwa madesiki athu olumikizana ndi benchi aja, malo akutsogolo, chimbudzi chapafupi chimene mwanayo angathe kulowamo. Zazing'onozing'ono izi n'zimene zimaiwalika kawirikawiri, makamaka ana akamakalembera kusukulu ina yoyandikana nayo. Mwana anazolowera njira ya kusukulu kwake, ndiye m'mawa wa mayeso akupezeka pakhomo lokhala ndi masitepe anayi.

Tiyambe liti kupempha?

Pa nthawi yolembetsa mayeso. Funso ili ndi limene ndimafuna kholo lililonse lilimvetse kuposa ena onse, chifukwa apa m'pamene zambiri zimawonongekera.

Mayina a ana amapita ku MANEB miyezi yambiri mayeso asanayambe, ndipo masiku ano amalowetsedwa pa kompyuta. Pa nthawi imeneyo sukulu iyenera kunena kuti mwana uyu ali ndi vuto lakuti ndipo afuna pepala lamtundu wakuti. Mapepala amasindikizidwa ndi kupakiridwa potsatira chiwerengero chimenecho, n'kumatidwa m'maenvulopu amene satsegulidwa mpaka tsiku lake, pamaso pa ana. Pepala la Braille silifotokopedwa pa shopu ya pa trading centre. Ngati silinawerengedwe kale, m'mawa wa mayeso palibe angalitulutse.

Chaka china ndinaitanidwa kusukulu ina yakumudzi kutatsala masabata awiri kuti PSLCE iyambe. Panali mtsikana amene amawerenga buku litagunda pamphuno, ndipo aphunzitsi ake onse amadziwa zimenezi kuyambira ali Sitandade 3. Amamukonda, amamukhazika kutsogolo, amamulembera manotsi ndi cholembera chachikulu. Koma polembetsa, palibe anaganiza zonena. Agogo ake amaganiza kuti poti aphunzitsi akudziwa, ndiye kuti boma likudziwa. Tinathamanga ndi makalata uku ndi uku, ndipo mwanayo analemba mayeso ake oyamba mtima uli m'mwamba, pomwe akanayenera kulingalira za masamu okha. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa chinali chinthu cha mphindi ziwiri.

Choncho teremu yoyamba ya Sitandade 8, Folomu 2 kapena Folomu 4 ikangoyamba, pitani kwa ahedi. Musatume mwana. Nenani kuti, "A hedi, ndabwera kudzaona ngati mwana wanga mwamulembetsa ngati wofuna thandizo lapadera, ndipo mwalemba thandizo lanji." Mayina akabwera kuti ana atsimikize ngati alembedwa bwino, pitaninso mukaone ndi maso anu. M'mera m'poyamba.

Kodi pakufunika kalata ya kuchipatala?

Khalani nayo. Vuto looneka ndi maso silivuta kufotokoza, koma mwana amene akumva pang'ono, kapena amene maso ake amatopa akawerenga mphindi makumi awiri, amafuna umboni wolembedwa. Yambirani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu. Za maso zikakula amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo chipatala cha Nkhoma nacho n'chodziwika pa za maso. Zoyeza makutu zilipo ku Queen Elizabeth komanso ku kiliniki ya ABC ku Lilongwe. Mukawapempha adokotala kulemba, asangolemba dzina la matenda. Alembenso zimene mwanayo sangathe kuchita m'kalasi: sawerenga zilembo zing'onozing'ono, samva mawu akakhala kumbuyo, dzanja silichedwa kutopa. Pamwamba pa kalatayo muikepo lipoti la mphunzitsi wa special needs amene anamuyesa. Aphunzitsi ambiri otere anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale) a zoni yanu angakuuzeni wapafupi. Fotokopani zonse, zenizenizo musunge kunyumba.

Anzake amati nthawi yowonjezera ndi kukondera. Sichoncho?

Ayi. Amene amanena choncho sanayesepo kuwerenga Braille.

Chilembo chilichonse cha Braille chimapangidwa m'kabokosi ka madontho asanu ndi limodzi, awiri m'lifupi, atatu chotsika. Njirayi anaikonza Louis Braille wa ku France, yemwe anasiya kuona ali mwana, ndipo anaisindikiza koyamba mu 1829. Diso limatha kuona mzere wonse nthawi imodzi, kulumpha ndime, kubwerera pa mawu amene likufuna. Chala chimayenda kabokosi kamodzikamodzi. Tsamba limodzi la zilembo wamba limadzaza masamba awiri kapena atatu a Braille. Ndiye taganizani za pepala la Chingerezi lokhala ndi nkhani yaitali ndi mafunso pansi pake. Mwana woona amaponya diso m'mwamba n'kupeza yankho pa ndime yachitatu. Wosaona ayenera kutembenuza masamba, kufufuza ndi chala pomwe ndime yachitatu ikuyambira, kuwerenga, kubwereranso kukapeza funso lomwe anali, kenaka kuchotsa manja papepala n'kuwaika pamashini kuti alembe. Pa funso lililonse amachita zimenezi.

Nthawi yowonjezera siyimupatsa yankho limene sanalidziwe. Imangobweza nthawi imene zala zadya. Ahedi afunse kwa woyang'anira mayeso kuti mwanayo wapatsidwa mphindi zingati papepala lililonse, ndipo mwanayo auzidwe mayeso asanayambe kuti adziwe kugawa nthawi yake.

Mwana akalemba m'Braille, amachonga ndani?

Mayankho ake amamasuliridwa m'zilembo wamba ndi aphunzitsi odziwa Braille kuti achongedwe ndi muyeso womwewo wa anzake. Womasulirayo sakonza kanthu. Mwana akalakwitsa sipelo, cholakwikacho chimakoperedwa momwemo.

N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti madontho azituluka bwino. Ana athu amalemba ndi mashini a Perkins, okhala ndi makiyi asanu ndi limodzi a madontho ndi ina yapakati yosiyira mpata, kapena ndi kachitsulo kobowolera pa fulemu ya m'manja. Pa fulemu mwana amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, n'kutembenuza pepala kuti awerenge zimene walemba, choncho imachedwetsa. Perkins ndi yachangu, koma zambiri zimene tili nazo n'zokalamba. Kiyi imodzi ikamajema, dontho limodzi limasowa, ndipo chilembo chimasanduka china. Mashiniwo ayesedwe ndi kupukutidwa mwezi wathunthu mayeso asanafike, ndipo pakhale ena apadera m'chipindamo. Perkins imachitanso phokoso, khekhekhe ndi kabelu kolira mzere ukamatha, kotero ana ogwiritsa ntchito mashiniwa amafuna chipinda chawo.

Chinanso chimene anthu sachiganizira: kuzizira. Mayeso akagwa m'June kapena July, kumalo ngati Dedza ndi Mzimba zala zimachita dzanzi m'mawa, ndipo chala chadzanzi sichimva madontho. Ine ndimawauza ana anga afike manja ali m'matumba a juzi, ndipo asanatsegule pepala azitikita zikhatho mpaka zitenthe.

Mwana wanga ndi wachialubino. Amaona ndithu. Akufunikanso thandizo?

Nthawi zambiri, inde. Ana ambiri achialubino amaona movutikira, maso awo amagwedezeka okha, ndipo kuwala kwambiri kumawathobwa m'maso. Ambiri safuna Braille. Amafuna zilembo zikuluzikulu, nthawi yowonjezera, ndi malo amene dzuwa la pawindo siligunda papepala loyera. Aloledwe kuvala chipewa chake ndi magalasi ake m'chipinda, komanso kuyandikiza pepala kumaso popanda wina kumuganizira kuti akubisa likasa. Ngati ali ndi kagalasi kokulitsira zilembo, kadziwike kwa oyang'anira mayeso tsiku lisanafike.

Ana awa ndi akatswiri pobisa vuto lawo chifukwa safuna kuonekanso osiyana ndi anzawo. Mukamufunsa ngati akuona pabolodi ayankha kuti inde. M'malo mofunsa, mupatseni pepala la mayeso a chaka chatha ndipo muyang'ane mmene akuligwirira. Ndipo ngati malo olembera ali kutali, mupezereni munthu wamkulu womuperekeza popita ndi pobwera. Tonse tikudziwa chifukwa chake.

Nanga wosamva? Womasulira amamuuza mayankho?

Ayi, ndipo sayenera kutero ngakhale ndi nkhope yokha. Ntchito yake ndi kufikitsa kwa mwana chilichonse chimene chanenedwa pakamwa m'chipindamo: yambani, lembani nambala yanu pamwamba, kwatsala mphindi khumi, lekani kulemba. Choopsa kwambiri ndi pamene woyang'anira aimirira kutsogolo n'kulengeza kuti pa funso lakuti pali cholakwika, konzani motere. Ana onse amakonza, wosamva mutu uli pansi akulemba, osadziwa kuti panenedwa kanthu. Chilengezo chilichonse chilembedwe pabolodi, ndipo wina amukhudze paphewa kuti adzutse mutu.

Vuto lalikulu la ana osamva limayamba kale mayeso asanafike. Chinenero cha manja cha ku Malawi chili ndi kasanjidwe kakekake, si Chichewa kapena Chingerezi chochitidwa ndi manja. Mwana wobadwa wosamva amalemba mayeso m'chinenero chimene sanachimvepo n'kamodzi komwe. Ana ophunzira ku Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza kapena Embangweni ku Mzimba amakhala ndi aphunzitsi odziwa manja tsiku ndi tsiku, koma akafika ku sekondale ambiri amapezeka m'kalasi mmene mphunzitsi amalankhula atayang'ana kubolodi. Aphunzitsi anzanga, tengani mapepala akale mukhale nawo pansi ana awa, muwaphunzitse mawu amene amabwerabwera m'mafunso, kusiyana kwa funso lofuna kungotchula ndi lofuna kufotokoza kapena kuyerekeza. Ana ambiri osamva amene ndawaona akulephera amadziwa phunzirolo. Chimene sanamvetse ndi zomwe funso limafuna. Wovala chothandizira kumva atenge mabatire apadera.

Mwana wanga sangathe kugwira cholembera bwino. Wina angamulembere?

Ili ndi pempho loti lipite ku MANEB kudzera kwa ahedi, molemba, limodzi ndi kalata ya kuchipatala, ndipo yankho lake libwerenso molemba. Musadalire mawu apakamwa a wina aliyense, chifukwa pa tsikulo woyang'anira mayeso amatsata zimene zili papepala. Chitetezo cha mayeso chinakhwima kwambiri, makamaka chichitikireni zija za 2020 pamene MSCE inabedwa n'kuimitsidwa, ana n'kulembanso mu January 2021. Munthu wachilendo m'chipinda cha mayeso popanda chilolezo angaike zotsatira za mwanayo pachiswe.

Womulembera akavomerezedwa, sakhala wachibale kapena mphunzitsi wa phunzirolo, ndipo amalemba zokhazo zimene mwana wanena. Kunena yankho mokweza kuti wina alembe ndi luso lofuna kuzolowera, choncho liyesedwe pa mayeso a moko. Ana ena amalemba okha ndithu koma pang'onopang'ono, ndipo chimene akufuna ndi nthawi, cholembera chokulungidwa kansalu kuti chinenepe, ndi pepala lomatidwa patebulo kuti lisamatsetsereke.

Wathyoka mkono kutatsala sabata imodzi. Basi chaka chapita?

Musafulumire kutaya mtima. Tsiku lomwelo tengani kalata ya kuchipatala mupite nayo kwa ahedi, iwo adziwitse ofesi ya maphunziro ya m'boma ndi MANEB. Ngozi ndi matenda adzidzidzi zimagwa chaka chilichonse, ndipo chimene chimathandiza n'kunena msanga.

Mwana ali ndi matenda akugwa. Tiwauze oyang'anira mayeso, kapena tingokhala chete?

Auzeni. Ndikudziwa kuti mabanja ambiri amabisa khunyu chifukwa cha zonenanena za anthu, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna. Woyang'anira akadziwa, amamukhazika poti akagwa asamenyetse mutu, ndipo amadziwa chochita: kuchotsa madesiki pafupi, kumugoneka cham'mbali kugwedezeka kukatha, osamuika supuni kapena chala m'kamwa, osamupanikiza. Matendawa sapatsirana. Kugwedezeka kukapitirira mphindi zisanu, athamangire naye kuchipatala. Kunyumba, onetsetsani kuti mankhwala alipo okwanira masabata onse a mayeso, ndipo musamulole kuchezera usiku akuwerenga monga amachitira anzake, chifukwa kusagona kumayambitsa kugwa. Chimodzimodzi mwana wa matenda a shuga kapena a mphumu: zimene ayenera kulowa nazo m'chipinda zidziwike kale.

Amamva, amaona, amayankha bwino pakamwa, koma kuwerenga ndi kulemba kumamukanika. Ameneyu ndi waulumali?

Ana awa ndi amene timawalakwira kwambiri. Timawatcha aulesi, timawabwereza kalasi kawiri katatu, mpaka amasiya okha. Koma alipo ana anzeru ndithu amene ubongo wawo umavutika kulumikiza zilembo ndi mawu. Amasokoneza b ndi d ali Sitandade 7, amawerenga mzere umodzi kawiri, koma mukawawerengera funso amayankha nthawi yomweyo. Ku Montfort amaphunzitsanso aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira, osati a osaona ndi osamva okha. Mwana wotere ayesedwe ndi mphunzitsi wa luso limeneli, ndipo lipoti lake lipite polembetsa mayeso. Popeza vutoli silioneka ndi maso, mudzafunika kulimbikira kuposa kholo la mwana wosaona. Yambani ali Sitandade 5 kapena 6, kuti pofika nthawi yolembetsa pakhale mbiri yolembedwa ya zaka zingapo.

Kusukulu akuti asalembe chaka chino chifukwa atsitsa chiwerengero cha okhoza. Ali ndi mphamvu imeneyo?

Kumuletsa chifukwa cha ulumali wake n'kuphwanya lamulo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho ndipo limatchula ulumali mwachindunji, pomwe gawo 25 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la za ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano lolowa m'malo mwake.

Zimachitika kuti mphunzitsi akulangizani moona mtima kuti mwana sanakonzeke. Mverani, koma mufunse kuti akuonetseni malikisi ake, ndipo mufunsenso kuti pa mayeso a teremuwo anapatsidwa pepala limene amatha kuliwerenga kapena ayi. Mwana amene wakhala akulemba mayeso a pabolodi limene saliona sanayesedwe n'komwe.

Tsiku lafika, pepala lake silinabwere kapena nthawi yake amumana. Titani?

Mwanayo akweze dzanja nthawi yomweyo, asadikire kukanena kunyumba. Izi muphunzitseni kale, chifukwa ana athu tinawalera kuti asamatsutse akuluakulu. Ahedi alankhule ndi woyang'anira wamkulu wa pamalopo kuti nkhaniyo ilowe m'lipoti la tsikulo. Inu lembani tsiku, phunziro, nthawi ndi zimene zachitika, mupereke kalata kwa ahedi ndi ku ofesi ya maphunziro, ina musunge. Musalowe m'chipinda cha mayeso kapena kukangana ndi apolisi apakhomo. Mukaona kuti nkhani ikuzizira, pitani ku mabungwe a anthu aulumali: Malawi Union of the Blind, MANAD ya osamva, APAM ya achialubino, PODCAM ya makolo, kapena FEDOMA imene imawaphatikiza onse.

Monga mphunzitsi wa kalasi wamba, ine ndingachitepo chiyani?

Chitani pa mayeso a sabata ndi a teremu zimene mukufuna zidzachitike pa mayeso a boma. Thandizo limene mwana akuliona koyamba pa tsiku la MANEB limamusokoneza. Pepala la zilembo zikuluzikulu limakhala ndi masamba ambiri, ndipo mwana wosalizolowera amadumpha mafunso. Wosazolowera nthawi yowonjezera amaimirira anzake akamatuluka, chifukwa cha manyazi otsala yekha. Mulibe makina osindikizira? Lembani mafunso ndi maka yakuda papepala lalikulu. Zimatenga theka la ola madzulo. M'kalasi ya ana oposa zana ndikudziwa kuti theka la ola ndi lodula, koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wina wake, ndiye m'kalasi mwanumo alimo, kaya mwawazindikira kapena ayi.

Madzulo oti mawa ndi mayeso, tikonze chiyani?

Chiphaso chake cha mayeso, fotokope ya kalata zonse, magalasi, mabatire, mankhwala ndi zolembera zakuda kwambiri zikhale m'chikwama chimodzi pafupi ndi khomo. Ngati akalembera pamalo achilendo, mukhale mutapita naye kale kamodzi: mwana wosaona ayende ndi ndodo yake kuchokera pachipata mpaka pachitseko, agwire tebulo lake, awerenge mapazi opita kuchimbudzi. Wa njinga muone ngati matayala ali ndi mpweya ndiponso amene amukankhe akudziwa nthawi yonyamukira. Adye, agone msanga, ndipo m'mawa mufike mphindi makumi atatu anzake asanayambe kulowa, kuti ahedi apeze mpata womuonetsa kwa woyang'anira mayeso ndi kutsimikiza kuti envulopu yake ilipo.